Za nyumba ya ku Nchalo ija, musanagule simenti

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Kuno ku Johannesburg tili bwino. Ndamva zoti mukufuna muikonze kaye nyumba ya ku Nchalo ija tisanaigulitse. Chonde tayambani mwaima, mumvere uthengawu mpaka kumapeto, alamu amve nawo.

Matailosi musaike. Dothi la pamalopo ndi makande: mvula ikagwa limafufuma, pofika Okutobala limang'aluka, ndipo simenti ya pansi imasuntha nalo limodzi. Tailosi sipindika, imangosweka kapena kumatuka. Wogula akaponda n'kumva kuti pansi pali mphako, mtengo autsitsa pomwepo. Tsekani ming'alu, mupake polishi wofiira, basi.

Za mjigo muiwale. Madera ambiri a Chikwawa madzi apansi ndi amchere, mutha kulipira okumba ndalama zambirimbiri, madzi n'kutuluka osamweka. Bola mumalize ngongole ya madzi a pampopi. Chipinda choonjezera nachonso ayi, chifukwa maziko atsopano ndi akale satsika mofanana, khoma limang'ambika polumikizira pomwepo. Komanso wogula mwina akufuna kuigawa kuti azichititsa lendi anthu ogwira ntchito ku Illovo, ndiye adzagumula zomwe mwamangazo. Mpanda wa njerwa, chimodzimodzi, ndalama yake sibwerera.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi khoma lija linamira nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023. Musayerekeze kuphimba chizindikiro cha madzi chija ndi penti ya mafuta. Chinyontho ndi mchere zimatsekeredwa mkati, posakhalitsa penti imatupa matuza, n'kuyamba kuyoyoka ufa woyera. Gobani pulasitala yense wofumbutukayo, mupitirire ndi masentimita 30 pamwamba pa pomwe madzi analekezera, khomalo liume bwinobwino. Kenako pulasitala watsopano: thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 pa mawilibala atatu a mchenga wa kumtsinje wosefa. Muzithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, apo ayi ndi kutentha kwa kwathuko achita ming'alu. Akauma, laimu kapena penti ya madzi ndi yokwanira. Ndipo wogula mumuuze zoona kuti madzi anafika pati. Mukabisa, akamva kwa anthu oyandikana nawo, malonda n'kuthera pomwepo.

Denga musasasule lonse. Sinthani malata okhawo odontha, misomali yazguka mukhome ina, ndi mitengo yomwe yadyedwa ndi chiswe.

Ndalama yotsalayo ipite ku mapepala, poti wogula wozindikira amayambira pamenepo: kalata ya amfumu, za ku khonsolo ya boma, lizi ngati ilipo, ndi chikalata choti ana tonse tasainira kuti tagwirizana kugulitsa. Mawa kukacha mujambule ming'alu yonse munditumizire pa WhatsApp. Ngati pali mng'alu wina wolowa chala, muitane mmisiri akumbe m'mbali aone maziko musanagule kalikonse. Moni kwa alamu ndi ana.