Makalata a Omvera: Asikhi ndi Guru Granth Sahib Tsiku ndi Tsiku

Moni nonse omvera, kulikonse kumene muli. Sabata yatha tinacheza za chipembedzo cha Asikhi, chimene chinayamba ndi Guru Nanak, wobadwa mu 1469 ku Punjab (Guru ndiye kuti mphunzitsi wauzimu). Makalata abwera ambiri ndithu, koma nthawi ingotilola anayi. Ena akufunsa, ena akundiwongola, ndiye ndiyambe ndi ondiwongolawo.

Yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Leicester. Akuti:

"Bambo muulutsi, munanena kuti Asikhi amawerenga buku lawo akapita kokapemphera. Apo munaphonya pawiri. Choyamba, kwa iwo Guru Granth Sahib si buku wamba, ndi Guru weniweni. Mu 1708 ku Nanded, Guru Gobind Singh, amene anali wachikhumi, analamula kuti pambuyo pake sipadzakhalanso Guru waumunthu, malembowo ndiwo adzatsogolere. N'chifukwa chake masamba ake, omwe alipo 1430, amawatchula ang, kutanthauza ziwalo za thupi. Chachiwiri, kuwerenga kwenikweni kumachitikira kunyumba, tsiku lililonse, ndipo dzina lake ndi Nitnem. Malamulo awo otchedwa Sikh Rehat Maryada amati munthu adzuke kutatsala maola atatu kuti kuche, nthawi imene amaitcha amrit vela, asambe, akhale pansi n'kumatchula dzina la Mulungu, Waheguru. Kenako anene Japji Sahib, Jaap Sahib ndi ndime khumi za Savaiye. Dzuwa likamalowa anene Rehras Sahib, pogona anene Sohila. Ambiri m'mawa amawonjezera Chaupai Sahib ndi Anand Sahib kuti mapemphero akwane asanu."

Zikomo bambo, mwandigwira ndipo ndavomera. Ndingowonjezera za kutalika kwake, chifukwa ndi pamene ongoyamba kumene amagwera. Japji Sahib ili ndi ndime 38 zotchedwa pauri, osawerengera mawu otsegulira ndi otsekera, ndipo ili pa masamba 1 mpaka 8. Jaap Sahib ili ndi ndime 199, zodzaza ndi mayina otamanda Mulungu ochokera ku Chisanskrit, Chiperisiya ndi Chiarabu, moti lilime losazolowera limapunthwa mzere uliwonse. Wozolowera amamaliza Japji m'mphindi 15 kapena 20, pamene wophunzira ola limatha asanafike kumapeto. Ndiye wina akati ayambe zonse tsiku limodzi, sabata isanathe wagwa ulesi. Njira yanzeru ndi kuyamba ndi Mool Mantar, mawu ochepa a pamwamba penipeni pa tsamba loyamba, onena kuti Mulungu ndi mmodzi, dzina lake ndi choonadi, ndi mlengi, alibe mantha, alibe udani, samwalira, sabadwa, alipo mwa iye yekha, ndipo amadziwika mwa chisomo cha Guru. Mukawagwira amenewo, tengani pauri zisanu zoyambirira, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono. Sohila ndi yaifupi, nyimbo zisanu zokha, ya mphindi zisanu, ndiye imeneyo mutha kuiyamba usiku womwe uno.

Vuto lina ndi katchulidwe. Malembowa ali m'zilembo za Gurmukhi, ndipo m'mabuku akale mawu ankalembedwa molumikizana, popanda mpata. Wowerenga akadula mawu pamalo polakwika, kapena akapumira pakati pa ganizo, tanthauzo limatembenuka. Palinso tizizindikiro ta kumapeto kwa mawu, monga aunkar ndi sihari, timene nthawi zambiri sititchulidwa koma timasonyeza ngati chinthu ndi chimodzi kapena chambiri, kapena ntchito imene liwulo likugwira m'chiganizo. Professor Sahib Singh ndi amene anafotokoza bwino galamala imeneyi. N'chifukwa chake Asikhi amakakhala pansi kwa mphunzitsi, maphunziro otchedwa santhiya, m'malo modalira zilembo za Chingerezi za pafoni. Kabuku ka mapempherowa, kotchedwa gutka, amakagwira atasamba m'manja, kumutu atafunda, ndipo akamaliza amakakulunga m'nsalu yoyera n'kukaika pamalo okwera. Sakaika pansi, ndipo potsegula masamba sanyowetsa chala ndi malovu.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi ena a ku Zomba. Ayamba ndi kutikumbutsa kuti Asikhi si alendo kwenikweni m'mbiri ya dziko lino, poti asilikali achisikhi anabwera kuno mu 1891 ndi Captain Maguire, nthawi ya Harry Johnston. Kenako akufunsa kuti:

"Mawu akuti hukam mumawamasulira kuti lamulo kapena chifuniro cha Mulungu, ndipo Japji imati zonse zili m'kati mwa hukam, palibe chili kunja. Nanga zikusiyana pati ndi zimene timanena pamaliro kuti zinalembedwa? Ngati zonse zinalembedwa, kudzuka usiku n'kumasamba madzi ozizira kuli ndi phindu lanji?"

Mayi, funso lanu lafika pamtima pa nkhani, ndiye mundilole ndichedwepo.

Pauri yoyamba ya Japji imayamba ndi kutaya njira zinayi zimene anthu amadalira. Kudziyeretsa kambirimbiri sikuyeretsa mtima. Kukhala chete sikutontholetsa maganizo. Kuunjika chuma sikuthetsa njala. Nzeru zikwizikwi, ngakhale imodzi sikuperekeza. Kenako Guru Nanak amafunsa kuti munthu angakhale bwanji woona, ndipo khoma la bodza lingagwe bwanji. Yankho lake ndi kuyenda m'hukam. Onani mawuwo: kuyenda. Munthu woyenda amanyamula miyendo yekha. Pauri yachiwiri imamaliza ndi kunena kuti amene wamvetsa hukam salankhulanso za haumai.

Haumai ndi mawu awiri ophatikizana, onse otanthauza ine. Ndi mtima uja wa ine ndine, zanga ndi zanga, popanda ine sizitheka. Choncho m'Chisikhi chotsutsana ndi hukam si khama ayi, ndi haumai. Mlimi amene walima, wabzala, wapalira, mvula n'kudula, akavomereza n'kuyambanso kukonzekera, ali m'hukam. Mnzake amene sanalime n'komwe, n'kumati Mulungu ndiye adziwa, akungobisa ulesi. Pauri 20 imanena mosapita m'mbali kuti umafesa wekha, umadyanso wekha. Pauri yomweyo ili ndi fanizo limene mayi aliyense wochapa alimva: manja ndi mapazi zikada timatsuka ndi madzi, nsalu ikaipitsidwa ndi mkodzo timachapa ndi sopo, koma maganizo akada amatsukidwa ndi chikondi cha dzina la Mulungu. Kudzuka m'bandakucha kuja ndi kuchapa kumeneko, ndipo kumabwerezedwa tsiku lililonse chifukwa litsiro nalo limabwera tsiku lililonse.

Litsirolo amalitchula mayina. Ndi akuba asanu: kaam, chilakolako chosadziletsa, krodh, mkwiyo, lobh, dyera, moh, kukakamira anthu ndi zinthu ngati sizidzatha, ahankar, matama. Guru Angad, wachiwiri uja, anati haumai ndi nthenda yokhalitsa koma mankhwala ake ali m'kati mwake momwemo. Ine ndimamva kuti munthu sauzidwa kuti adziphe umunthu wake, koma auwongole, achoke pokhala manmukh, woyang'ana zofuna zake, akhale gurmukh, woyang'ana kwa Guru.

Ndipo mayeso ake sachitikira kuphiri. Guru Nanak anagwirapo ntchito yosunga nkhokwe ku Sultanpur Lodhi, ndipo zaka zake zomaliza anali mlimi ku Kartarpur mpaka pamene anamwalira mu 1539. Pa tsamba 1245 pali mawu ake akuti amene amadya za thukuta lake n'kupatsako ena ndi dzanja lake, ameneyo ndiye wadziwa njira. Apa ndi pamene pachokera mfundo zitatu zimene mwana aliyense wachisikhi amaloweza: naam japna, kukumbukira dzina la Mulungu, kirat karni, kupeza chakudya mwachilungamo, vand chhakna, kudya mogawana. Chakhumi nawonso ali nacho, amati dasvandh. Wamalonda amene m'mawa wanena Japji yonse, masana n'kukhotetsa sikelo, wachapa nsalu n'kuiyanika m'matope.

Yachitatu ndi yaifupi, ya achimwene a ku Johannesburg: "Ndimamva kuti ku gurdwara, nyumba yopemphereramo Asikhi, amatsegula Guru Granth Sahib mwachisawawa n'kuwerenga pamene patseguka, amvekere ndilo lamulo la lero. Kodi si maula amenewa?"

Ayi achimwene, ngakhale ndikuona pamene mwafanizira. Mwambowu ndi hukamnama, ndipo uli ndi dongosolo lake. Poyamba pamakhala Ardas, pemphero limene onse amaima manja atagwirizanitsa. Kenako wowerenga amatsegula mwaulemu osasankha tsamba, n'kuyang'ana pamwamba pa tsamba la kumanzere. Ngati nyimbo ili pamenepo inayambira tsamba lam'mbuyo, amabwerera kukaiyamba pachiyambi, n'kuiwerenga yonse mpaka pamene yathera. Kudumpha kubwererako ndi kulakwitsa kofala, chifukwa umatola theka la ganizo. Wa maula amafuna kudziwa amene wamulodza kapena ngati ulendo uyende bwino. Hukamnama siyankha zimenezo, ndipo Rehat Maryada imaletsa kukhulupirira maula, malodza ndi masiku amwayi. Chimene munthu amatenga ndi phunziro loti aliyese tsiku limenelo.

Kuti mupeze phunzirolo, fufuzani mzere umene ukuthera ndi liwu lakuti rahao, kutanthauza ima kaye. Nyimbo zambiri zili nawo, ndipo ndi umene wasenza mutu wa nkhani. Mizere inayo imangoutambasula ndi zitsanzo. Yambani kumvetsa umenewo, kenako mubwerere ku ndime yoyamba. Hukamnama ya ku Harmandir Sahib, gurdwara yotchuka ya ku Amritsar, kumene Guru Arjan anakhazikitsa malembowa mu 1604, imafalitsidwa m'mawa uliwonse pa intaneti, ndipo poti India ali patsogolo pathu ndi maola atatu ndi theka, ife tikamadzuka imakhala itatuluka kale.

Yomaliza yachokera kwa mayi ena a ku Southall, mu London, ndipo iyi ndiiwerenga yonse chifukwa ophika aikonda.

"Bambo muulutsi, munatchula langar, chakudya chaulere chimene onse amadya atakhala pansi pamzere umodzi, koma munasakaniza ndi karah prasad. Ndi zinthu ziwiri. Karah prasad ndi chakudya chotsekemera, chofewa ngati phala lolimba, chimene chimagawidwa m'chipinda chopemphereramo mapemphero akatha. Muyezo wake ndi wosavuta: ufa wa tirigu wosachotsa gaga, umene amati atta, kapu imodzi, ghee, amene ndi batala woyengedwa, kapu imodzi, shuga kapu imodzi, madzi makapu atatu. Zitatu zoyambazo zikhale zofanana. Wophika asambe, afunde kumutu, ziwiya zikhale zotsuka bwino, ndipo pophika azinena mapemphero, osati nkhani za m'maboma. Wiritsani madzi ndi shuga mu poto wina mpaka shuga asungunuke. Mu poto wokhuthala pansi sungunulani ghee, thirani ufa, muzitakasa osalekeza pamoto wapakati mphindi 10 mpaka 15, kufikira ufa utafiirira n'kumanunkhira ngati mtedza wokazinga. Pamenepo thirani madzi a shuga aja akadali otentha, nkhope mutaibweza chifukwa nthunzi imalumpha, ndipo vundulani msanga. Yapsa ikayamba kuchoka m'mbali mwa poto n'kumatuluka mafuta pamwamba. Mukafulumira kuthira madzi ufa usanafiirire, imamveka yaiwisi ndipo imamata m'kamwa. Moto ukachuluka, pansi pamapserera n'kuwawitsa yonse. Madzi akakhala ozizira, kapena mukazengereza kuvundula, imachita mibulu. Mukaumira ghee, imauma n'kumakakamira m'manja. Ndipo musalawe, ngakhale pang'ono, isanaperekedwe."

Mayi, mwatiphunzitsa. Ndingomalizitsa za kagawidwe, poti chiphunzitso chili pamenepo. Ikapsa amaiphimba ndi nsalu yoyera n'kukaiika pafupi ndi Guru Granth Sahib. Amanena pauri zisanu zoyambirira ndi yomaliza ya Anand Sahib, nyimbo ya Guru Amar Das ya ndime 40, kenako Ardas ndi hukamnama, n'kulowetsamo kirpan, mpeni uja wachipembedzo. Amayamba apatula magawo asanu pokumbukira Panj Pyare, amuna asanu amene anadzipereka ku Anandpur mu 1699 pamene Khalsa, gulu la Asikhi odzipereka mwa malumbiro, inkayamba, kenako gawo la wowerenga malembo m'kambale. Zikatero wogawa amayenda m'mizere ndi mbale imodzi, aliyense n'kumupatsa muyezo wofanana, kaya ndi Msikhi kaya ndi mlendo, bwana kapena wantchito wake. Ku India, kumene anthu a magulu ena sankadyera limodzi ndi anzawo owaona ngati otsika, kudya za m'mbale imodzi sinali nkhani yaing'ono.

Omvera amene mungadzapite ku gurdwara: vulani nsapato, fundani kumutu, fodya ndi mowa musalowe nazo, ndipo polandira ikani dzanja lina pamwamba pa linzake, zikhatho zitayang'ana kumwamba. Imakhala yamafuta kwambiri, ndiye ngati simungathe yambiri neneranitu kuti akupatseni pang'ono, chifukwa siitayidwa. Mafuta otsalira anthu ambiri amangodzola m'manja.

Nthawi yatithera. Makalata ofunsa za nduwira ndi zizindikiro zisanu za Khalsa ndawasunga, tidzayamba ndi amenewo sabata yamawa.