Dokotala woti ndizimuuza zoona

Moni nonse omvera, kulikonse kumene muli. A ku Joni, a ku Dublin, a ku Leeds, ndi inu a kumudzi amene mumandidandaulira kuti ndimakutherani bandulo, takulandirani. Kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kunja kwayera mbee ndi chipale chofewa, ndipo ine ndikujambula ndabisala m'kachipinda kosungiramo zovala, poti ndi mokhamo mopanda phokoso. Mukamva kulira chapatali, dziwani kuti mwini nkhani wadzuka.

Sabata yatha mayi wina woyembekezera wa ku Texas ananditumizira uthenga. Akuti kuchipatala akumufunsa dzina la dokotala wa mwana, chonsecho mwanayo sanabadwe. Ndinaseka ndekha, chifukwa nane zinandipeza chimodzimodzi. Ndili ndi pakati pa miyezi 7, namwino anandifunsa funso lomwelo atagwira cholembera, ine kukamwa yasa. Kwathu ku Ntcheu ndani anasankhapo dokotala wa mwana? Tsiku la sikelo likakwana umangobereka mwana n'kupita. Alangizi a zaumoyo amangirira sikelo ku nthambi ya mango, azimayi muimba nyimbo za kulera, mwana amupachika akulira, alemba m'kabuku, basi wabwerako. Kuno ayi. Dokotala wa ana, amene amati pediatrician, umasaka wekha ngati ukusaka nyumba ya lendi. Ukatuluka m'chipatala pamangodutsa masiku awiri kapena atatu n'kukaonana naye, kenako pa mwezi umodzi, miyezi 2, 4, 6, 9 ndi 12. Mwana akadwala pakatipo ndi yemweyonso. Ndiyenso uyambe waona ngati inshulansi yako imamulipira, apo ayi bilu yake idzakudwalitsa iweyo.

Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, monga ambiri a ife kuno. Mnzanga wina wachizungu wa pantchitopo, ataona mimba yakula, anandikokera pambali n'kundifunsa ngati ndikufuna kulera mwana mwa njira imene amati natural parenting. Ndinati fotokoza. Anayamba kuwerenga zala: kuyamwitsa bere lokha, kunyamula mwana pathupi ndi nsalu, kumugoneka pachifuwa khungu kukhungu akangobadwa, matewera ochapa, kumuphikira wekha chakudya m'malo mogula cha m'timabotolo, kusamusiya alire yekha usiku. Ndinamuyang'ana n'kunena kuti, ngati ndi zimenezo, ndiye amayi anga ndi pulofesa. Abale, kuno kuli makalasi olipira ophunzitsa kubereka mwana! Nsalu yake madola makumi angapo, ili ndi kabuku ka malangizo. Ine zitenje zisanu ndi chimodzi zinali phee m'sutikesi, zodikira ntchito.

Koma mnzangayo anandiuza chinthu chimodzi chanzeru. Anati si dokotala aliyense amene angakondwe nazo, ndiye ndipeze wogwirizana ndi mtima wanga. Anandilowetsa m'gulu lina la azimayi pa Facebook, ndipo ndinafunsa kumeneko. Mayankho oyamba anali abwino. Koma posakhalitsa nkhani inakhota. Wina akuti pita kwa uyu, sakakamiza katemera. Wina akuti uyu amalola kukana jakisoni wa vitamini K amene amabaya mwana akangobadwa. Ndinazindikira kuti kwa ambiri mmenemo, kulera mwachilengedwe ndi kukana katemera ndi mtolo umodzi, ukasenza usenze wonse.

Pamenepo ndinatsika basi. Ine ndili ndi chipsera cha BCG, katemera wa chifuwa chachikulu, paphewa. Amayi anga amatchula mayina a ana a m'mudzi mwathu amene chikuku chinawatenga iwo ali mtsikana. Ndipo si za kalekale zokha: mu February 2022 analengeza kuti ku Lilongwe kwapezeka mwana wodwala poliyo, dziko lonse linatekeseka, alangizi kuyenda khomo ndi khomo kudontheza katemera. Munthu amene sanaonepo mnzake wa m'kalasi akukwawa chifukwa cha poliyo akhoza kuyankhula mopepuka. Ine sindingathe.

Ndiye vuto langa linali lotere: ndinkafuna dokotala woti asandione ngati wotsalira chifukwa cha chitenje ndi bere, komanso asandinamize pofuna kundisangalatsa. Maofesi ambiri kuno amalola kuti mukacheze ndi dokotala mwana asanabadwe. Ine ndi bambo a kunyumba tinayendera atatu.

Woyamba anali wachangu ngati kondakitala wa minibasi. Maso pa kompyuta, mafunso ake a inde kapena ayi. Nditanena kuti ndikufuna kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri, anamwetulira pang'ono n'kunena kuti chaka chikadutsa chimangokhala chizolowezi. Nditafunsa za kugona ndi mwana, anangondipatsira pepala. Sanalakwe kwenikweni, koma ndinadziwa kuti kwa ameneyu ndizidzangoyankha kuti inde adokotala, kenako n'kukachita zanga kunyumba. Wachiwiri ofesi yake inkanunkhira bwino, nyimbo zapansipansi, pashelefu timabotolo ta mafuta ndi mavitamini togulitsa. Inshulansi salandira, umalipira mwezi ndi mwezi. Chilichonse chimene ndinanena ankangovomera. Bambo a kunyumba titafika m'galimoto anati, uyu ndi sing'anga wa pa msika wavala jekete loyera.

Wachitatu anali mayi wachikulire, tsitsi la imvi, nsapato zakutha. Tisanafunse kanthu anatifunsa ife kuti, kwanu mwana akabadwa mumatani? Ndinayamba mwamanyazi, kenako ndinamasuka. Ndinafotokoza za chikuta, kuti mayi ndi khanda satuluka mpaka mchombo utagwa. Za kubereka kumsana. Za kuti kwathu mwana akalira m'basi anthu onse amakukalipira kuti mupatse bere mwanayo. Anaseka mpaka kupukuta misozi. Pa za kuyamwitsa anandiuza kuti bungwe la madokotala a ana la kuno, American Academy of Pediatrics, mu 2022 linasintha malangizo ake n'kuyamba kulimbikitsa kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, bere lokha miyezi 6 yoyamba, monga momwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lakhala likunenera. Ndinati mumtima, ndiye kuti afika pamene agogo anga anali kale.

Kenako ndinaponya funso limene ndinkaliopa. Ndinati adokotala, ine ndinakula ndikugona pamphasa imodzi ndi amayi, ndipo sindikuona mmene ndingagonekere khanda m'chipinda china ngati mlendo. Iwo sanazungulire. Anati chipinda china ayi, nawonso safuna, mwana azigona m'chipinda chathu miyezi 6 yoyamba. Koma bedi limodzi sangandiuze kuti ndi bwino, makamaka mwana asanakwane miyezi 4. Ndiye anandifunsa kuti mphasa ija inali yolimba bwanji, ndipo pankakhala mapilo angati. Ndinakhala chete. Matiresi a kuno ukagonapo umamira, pamwamba chibulangete chonenepa cha nyengo yozizira, mapilo anayi. Anandifunsanso ngati ndimagwira ntchito usiku. Ndinati eya, ma shifiti a maola 12. Anati munthu wotopa choncho amagona ngati wamwa mowa, sangamve kuti wagonera mwana. Malangizo awo anali oti tigule kabedi kakang'ono kogundiza ku bedi lathu, mwana azigona chagada, mopanda pilo kapena chidole.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi chimene ananena pambuyo pake. Anati akudziwa kuti usiku wina ndidzagona ndikuyamwitsa, chifukwa zimachitikira pafupifupi mayi aliyense. Choncho ndikaona kuti tulo tikundilaka, ndisakayamwitsire pa sofa, poti pamenepo ndi poopsa kuposa pabedi. Ndichotse mapilo ndi zofunda pafupi ndi mwana, ndikadzidzimuka ndimubwezere m'kabedi kake. Ndipo anati, chonde muzidzandiuza zoona, sindidzakukalipirani. Tinalembetsa tsiku lomwelo.

Mwana anabadwa ndi mapaundi 7 ndi aunsi imodzi. Nditawaimbira amayi pa WhatsApp anati, iwe, zimenezo ndi makilo angati? Ndinachita kuwerengera pa foni: makilo 3.2. Tsiku lachinayi chibadwire tinapita koyamba kwa adokotala aja. Kunja kukuzizira koopsa, mwana tamumangirira m'kampando ka m'galimoto, kamene popanda iko kuchipatala sakutulutsa. Anamuvula zonse n'kumuika pa sikelo, ndipo inaonetsa kuti watsika kufika pa makilo 2.95. Ine misozi chuu. Mawere anali atatupa ngati maungu, nsonga zitang'ambika, ndipo mumtima ndinkangoti ndalephera, andiuza kuti ndigule mkaka wa m'chitini. Adokotala anakoka mpando n'kukhala. Anati khanda lililonse limatsika thupi masiku oyamba, ndipo ambiri amabwerera pa sikelo yobadwa nayo pofika sabata ziwiri. Anandifunsa matewera angati anyowa kuyambira dzulo. Kenako anaitana mayi wina wa mu ofesi momwemo amene ntchito yake ndi yothandiza azimayi kuyamwitsa. Ameneyo anamuyeza mwana, n'kundiuza kuti ndiyamwitse iye akuona, n'kumuyezanso kuti adziwe kuti wamwa wochuluka bwanji. Anandigwira dzanja n'kukonza kagwiridwe, kuti mwana aziyasamula kwambiri n'kulowetsa bere lokwanira, osangoluma kunsonga. Ululu unachepa nthawi yomweyo. Ndinaganiza za azakhali anga, kuti kwathu ntchito imeneyi ikanakhala yawo, ndipo sakanafuna satifiketi. Patapita masiku awiri tinabweranso kudzayeza, sikelo inali itayamba kukwera.

Musaganize kuti nkhani zonse ndinkapambana ine. Pa za vitamini D ndinagonja. Adokotala anati mwana woyamwa bere lokha azimudonthezera mayunitsi 400 tsiku lililonse. Ndinakana, ndinati mkaka wa mayi uli ndi zonse. Anandilozera pawindo. Anati kwanu mwana amakhala kumsana padzuwa chaka chonse, kuno miyezi yozizira dzuwa ndi lofooka, mwana amakhala m'nyumba atakutidwa, ndipo khungu lakuda limafuna dzuwa lochulukirapo kuti lipange vitamini ameneyu. Popanda iye mafupa amafewa, miyendo n'kupindika. Amayi atamva anati, mwana wosadwala mukumumwetsa mankhwala? Ndinawauza kuti ndi dzuwa la m'botolo. Mpaka lero amanditonza nazo.

Nkhani ya liwombo ndiyo inali yovuta. Amayi anaumirira kuti atumiza mankhwala kudzera kwa munthu wobwera kuno, ena opaka pamutu, ena omwetsa. Ndikanakhala kwa dokotala woyamba uja, ndikulumbira, sindikanatchula n'komwe. Koma kwa awa ndinanena. Anandigwiritsa chala pa liwombo la mwana, n'kundiuza kuti kugunda kumene ndikumvako ndi kwabwinobwino, ndipo limatsekeka lokha mwana akamayandikira chaka ndi theka. Likalowa mkati ndiye kuti madzi achepa m'thupi, kawirikawiri chifukwa cha kutsegula m'mimba kapena kusanza, ndipo likatupa mwana atatentha thupi ndithamangire kuchipatala. Zomwetsa anakaniratu. Ngakhale madzi enieni asanakwane miyezi 6 ayi, uchi asanakwane chaka ayi. Ndipo thupi likatentha kufika madigiri 38 mwana asanakwane miyezi 3, ndisayese za m'nyumba, ndiimbe foni ngakhale pakati pa usiku. Kamkanda ka m'chiuno kamene agogo ake anatumiza anakaona pomuyeza. Analowetsa zala ziwiri pansi pake, anati m'chiuno kakhale, bola kasathine ndipo mikanda isamasuke, koma m'khosi musamuveke chilichonse. Amayi ndinawauza kuti kamkanda kavomerezedwa ndi adokotala a ku America. Anakondwa mpaka za mankhwala a liwombo zija anaziiwala, kapena anangonamizira kuiwala.

Inu a ku Texas amene munandifunsa, musataye nthawi ndi mafunso amene mayankho ake ali pa intaneti, monga maola otsegulira. Funsani chinthu chimene mukuchita nacho manyazi, muone nkhope yake. Funsani kuti mwana akatsika sikelo amayamba ndi chiyani, komanso usiku amayankha foni ndani. Mutchulenso kuti mudzapita naye mwana kumudzi. Ife titatchula za ulendo wa ku Malawi, adokotala anatiuza kuti katemera wa chikuku kuno amayamba pa chaka chimodzi, koma mwana wa miyezi 6 mpaka 11 amene akutuluka m'dziko amamubaya msanga asananyamuke. Anatikumbutsanso za neti ndi mankhwala oteteza malungo, poti mwana wobadwira kuno udzudzu wa ku Salima sumudziwa. BCG kuno sabaya ana onse, ndiye mwana wanga phewa lake ndi losalala, amayi akuti akadzafika adzamuonetsa kwa alangizi.

Pano ali ndi miyezi 8. Akudya phala la mgaiwa wa ku sitolo ya anthu a ku Mexico, lothira chiponde, ndipo adokotala ndi amene anandilimbikitsa kuti mtedza ndiyambe msanga m'malo mochedwetsa. Ulendo wapitawu anandifunsa kuti akugona kuti masiku ano. Ndinati amayamba m'kabedi kake, koma ikamakwana 3 koloko m'bandakucha amakhala ali kukhwapa kwanga. Anapukusa mutu, anandifunsanso za mapilo, analemba mu kompyuta. Kenako anandipempha kuti ndiwaonetse mmene ndimamuponyera kumsana popanda wondigwirira, poti akuti mdzukulu wawo akubadwa mu April. Ndinawerama pakati pa ofesi, chitenje pakamwa, namwino ataima pakhomo kuonerera.

Eya, mwamumva? Wadzuka. Ndithamange asanadzutse bambo ake, alowa ntchito usiku uno. Tikumana sabata yamawa.