Musanabaye nkhumba jekeseni, tamverani kaye

Moni nonse oweta nkhumba. Ndati ndijambule mawuwa chifukwa funso limene mukunditumizira ndi limodzimodzi: "Nkhumba yanga yasiya kudya, ndiibaye chiyani?" Abale anga, tisayambire pa botolo. Yambani mwaiyeza kutentha, choyezera chija mulowetse kumbuyo kwake. Nkhumba yathanzi imakhala cha m'ma madigiri 39. Ikadutsa 40, ipatuleni kwa zinzake, muitane dokotala wa ziweto.

Chifukwa chake n'chakuti mankhwala ngati oxytetracycline ndi penicillin amapha mabakiteriya okha. Mukaona nkhumba zaunjikana pakona, makutu ndi kumimba kwafiira, zikufa motsatizana, mwina chimenecho n'chigodola, ndipo chigodola ndi vayirasi. Ngakhale mutathera botolo lonse, sizichira. Nenani kwa alangizi msanga, ndipo nkhumba isatuluke m'kholamo.

Adokotala akanena kuti mubaye, mlingo ukhale wogwirizana ndi kulemera kwa nkhumbayo, osati wongoyerekeza ndi maso. Oxytetracycline wa LA (wokhalitsa m'thupi), uja wa mamiligalamu 200 pa mililita, amabayidwa mililita imodzi pa makilogalamu 10 aliwonse. Bayani pakhosi, kuseri kwa khutu, ndi singano yoyera. Tsono apa m'pamene ambiri timalakwitsa: nkhumba yangodzuka n'kuyamba kudya, ife basi tasiya, otsalawo tisungire ina. Ayi ndithu. Tizilombo tofooka tafa, koma tolimba tatsala, tikuswana, ndipo ulendo wina tizilomboto sitidzawamvanso mankhwala omwewo. Tizilomboti timatulukanso ndi ndowe, n'kufika m'manja mwathu, m'madzi, kwa ana athu. Mu 2015 ku China anapeza m'nkhumba mabakiteriya osamva colistin, mankhwala amene madokotala a anthu amathawirako ena onse akakanika. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Zothira mankhwalawa m'chakudya cha nkhumba zosadwala kuti zinenepe msanga, chonde tisiye. Mayiko a European Union analetsa zimenezi mu 2006. Ana a nkhumba akamatsegula m'mimba, yang'anani kaye khola: kodi ndi louma? Anayamwa mkaka woyambirira tsiku lobadwa? Madzi akumwa ndi aukhondo?

China, pa botolo pamalembedwa masiku oyembekezera musanaphe kapena kugulitsa nkhumba yobayidwa. Ipakeni penti pamsana, mulembe m'kope tsiku lomaliza kubaya, muwerenge masikuwo mpaka akwane. Wogula akabwera asanakwane, muuzeni adzabwerenso.