Makalata a Omvera: Digiri ya Zachitetezo ndi Ngongole Yake

Tabwereranso, omvera athu, ndipo kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti tisamutchule dzina. Akuti:

"Mwana wanga wamwamuna wapeza malo pa yunivesite ina ku America kukachita digiri yachiwiri (masitazi) ya Security Studies, maphunziro a zachitetezo cha mayiko. Ndalama zikupereweratu madola 40,000, ndipo akuti tikongole ku banki. Wandionetsa pepala la sukuluyo losonyeza kuti omaliza maphunzirowa amalandira ndalama zambiri. Ine mtima sukukhazikika. Kodi ndisaine?"

Zikomo mayi polemba. Musathamangire cholembera, tiyambe tawerengera limodzi. Tiyerekeze kuti chiwongola dzanja ndi 6 peresenti pachaka, ndipo ngongoleyo ibwezedwa m'zaka 10. Ndiye kuti mwezi uliwonse pakufunika madola 444. Mukamaliza mudzakhala mutapereka pafupifupi madola 53,300, kutanthauza kuti oposa 13,000 apita ku chiwongola dzanja chokha. Ndipo mabanki ambiri amafuna zoposa 6 peresentiyo kwa wophunzira wochokera kunja.

Koma chimene chandigwira mtima m'kalata yanu si masamuwo ayi. Ndi pepala lija. Funsani mwana wanu kuti anthu olandira ndalama zambiriwo akugwira ntchito kuti. Ambiri mwa omaliza maphunziro a zachitetezo ku America amalowa m'boma, ku Pentagon (likulu la asilikali), ku CIA (bungwe la ukazitape), ku FBI (bungwe lofufuza milandu), kapena m'makampani ogwira ntchito za asilikali. Ntchito zimenezi zimafuna chilolezo choona zinsinsi za boma, ndipo chilolezocho chimaperekedwa kwa nzika za dzikolo. Mwana wanu akhoza kukhoza bwino kuposa anzake onse m'kalasi, koma pakhomo pamenepo adzamubweza. Malipiro a papepalapo ndi a amene analowa pakhomolo. Ngongole yokha ndiyo siyang'ana pasipoti.

Palinso ichi. Mnzake wa m'kalasi amene ndi nzika amakongola ku boma. Akagwira ntchito ya boma n'kubweza mwezi ndi mwezi kokwana ka 120, zotsalazo zikhoza kukhululukidwa, malinga ndi lamulo limene linakhazikitsidwa mu 2007. Wophunzira wobwera pa viza alibe mwayi wa ngongole ya boma imeneyo. Iye amakongola ku banki wamba, ndipo kawirikawiri amafuna munthu womusainira. Wosainirayo ndiye amene banki imamugwira pakhosi mwana akalephera kubweza. Wophunzirayo akamaliza sukulu, viza imamulola kugwira ntchito kawirikawiri miyezi 12 yokha, pokhapokha atapeza bwana womutengera chilolezo china.

Sindikunena kuti maphunzirowo ndi achabe. Ku Georgetown University ku America kuli pulogalamu yotchuka ya zimenezi, ndipo ku King's College London kuli dipatimenti ya War Studies imene yaphunzitsa akuluakulu ambiri a asilikali ndi akazembe. Mabungwe monga United Nations amalembanso anthu otere, ngakhale mpikisano wake ndi wa mtima bii, ndipo ambiri amayamba ndi ntchito yongodzipereka ya malipiro ochepa. Chimene ndingachite ndikanakhala inu ndi ichi: mwanayo alembere sukuluyo, afunse kuti ophunzira ochokera kunja amene anamaliza zaka ziwiri zapitazi ali kuti lero. Atsegulenso tsamba la boma la America lotchedwa College Scorecard, limene limaonetsa ngongole ndi malipiro a omaliza maphunziro osiyanasiyana pa sukulu iliyonse. Alangizi ambiri amati ngongole yonse isapose malipiro a chaka choyamba cha ntchito. Ngati sukuluyo singayankhe, kapena ngati siingachotseko fizi, apemphe kuti malo akewo amusungire chaka chimodzi uku akusaka thandizo la maphunziro. Musasaine mwezi uno, mayi.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yochokera kwa mnyamata wina: "Ndimakonda makompyuta. Kodi Security Studies ndi yomwe imaphunzitsa kuteteza makompyuta kwa akuba a pa intaneti?"

Ayi achimwene, mwasokoneza mayina, ndipo simuli nokha. Security Studies ndi ya nkhondo, uchigawenga, ukazitape ndi ubale wa mayiko. Mudzakhalira kuwerenga mabuku ndi kulemba malipoti. Imene mukufunayo ndi cybersecurity, ndipo kumeneko mabwana ambiri amayang'ana luso ndi satifiketi monga CompTIA Security+, imene mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi digiri. Werengani mndandanda wa maphunziro a kosiyo musanalipire kalikonse.

Bambo amene mwalemba kuti ndinu msilikali ndipo mukufuna digiri ya Security Studies kuti mukwezedwe, nthawi yatithera. Pakadali pano kafunseni ku ofesi yanu ngati pali ndondomeko yolipirira antchito sukulu, mudzatiuze zimene akuyankheni sabata yamawa.