Khoka lopanda okoka

Muli bwanji nonse omvera? Lero sindili m'kachipinda kanga ku England kuja. Ndili kwathu ku Mangochi, pakhonde pa amayi, ndipo phokoso mukulimva kumbuyoku ndi la anyamata akusoka maukonde. Ndafika Lachiwiri, patatha zaka 4 ndisanaponde kuno.

Ambiri mukudziwa kuti kunjako ndimagwira ntchito mu labu ya chipatala chothandiza mabanja ovutika kubereka. Ndimadzuka kudakali mdima, ndimaonetsetsa kuti makina osungira mazira ali pa madigiri 37, ndipo m'nyengo yozizira ndimaweruka dzuwa litalowa kale. Kusungulumwa kulipo, sindibisa. Koma tsiku ndi tsiku ndimaona dzira la munthu pa maikulosikopu, ndipo zimenezo ndi zimene zandikhazika pansi lero.

Achemwali anga apita padera kachitatu. Andilola kuti ndinene, bola ndisatchule dzina. Usiku wathawu anandiuza monong'ona kuti kuchimuna akuti pali mwambo umene anaudumpha, ena akuti alipo anawamanga. Anandifunsa kuti, "Iwe umaona mazirawo, ndinalakwa chiyani?" Ndinalira nawo. Kenako ndinawafotokozera zimene ndikufuna nanunso mumve.

Selo ikamagawikana imamanga kanthu kotchedwa spindle, timaulusi timene timakoka ma chromosome, tinthu tonyamula malangizo a chibadwa cha munthu, kuti theka lipite uku, theka uko. Munthu ali ndi ma chromosome 46. Dzira liyenera kutsala ndi 23 ndendende, 23 enawo abwere ndi umuna. M'maselo wamba muli tizigawo tiwiri totchedwa centrosome, kena kamaima mbali iyi, kena mbali inayo. Ife a kunyanja tinganene kuti ndi magulu awiri okoka khoka pamchenga: zingwe zimachokera kwa iwo, ndipo aliyense akudziwa poima.

Dzira la mayi lilibe okokawo. Limataya centrosome yake likadali laling'ono, ndipo mwa anthu, kachigawo koyambitsira ina kamabwera ndi umuna. Choncho pa nthawi imene dzira likugawa ma chromosome ake, khoka limayambira pa nsomba zenizenizo, ndiko kuti pa ma chromosome. Ma chromosome amadzutsa puloteni yotchedwa Ran, timaulusi timayamba kumera mowazungulira mwachisawawa, kenako mapuloteni ena oyenda pa ulusiwo amatisanja n'kusonkhanitsa nsonga zake kumbali ziwiri. Mu 1996 Rebecca Heald ndi anzake ku Heidelberg, ku Germany, anatenga timikanda, n'kutikuta ndi DNA, chinthu chimene chimapanga ma chromosome, n'kutiika m'madzi ofinyidwa m'mazira a chule wa kuno ku Africa wotchedwa Xenopus. Spindle inamangika pa timikandato popanda centrosome iliyonse. Tsiku limene ndinamva zimenezi koyamba ndinaiwala kudya nkhomaliro.

Koma khoka lopanda okoka silichedwa kupotana. Mu 2015 gulu la Melina Schuh ku Cambridge linajambula mazira amoyo amene azimayi ena anapereka ku chipatala cha Bourn Hall. Anaona kuti dzira la munthu limatenga maola pafupifupi 16 kumanga spindle, ndipo m'mazira ambiri inkagwedezeka, nsonga zake n'kumagawikana kukhala zitatu kapena zinayi isanakhazikike. Mu 2022, atasamukira ku Göttingen, ku Germany, anapeza kuti mazira a anthu amaperewera puloteni yotchedwa KIFC1, imene mazira a mbewa ndi ng'ombe ali nayo yokwanira, ndipo ataiwonjezera spindle inalimba. Si mankhwala amene mungakawapeze kuchipatala mawa, chonde musandimve choncho. Ndi kafukufuku.

Palinso za zaka. Mazira onse a mkazi amapangika iye ali m'mimba mwa amayi ake, ndiye amadikira zaka makumi angapo, ndipo chomatira chimene chimagwira ma chromosome pamodzi chimanka chifooka. N'chifukwa chake vutoli limakula mkazi akadutsa zaka 35. Chromosome imodzi ikapita kolakwika, dzira limakhala ndi 22 kapena 24. Ikakhala ya nambala 21 yowonjezera, mwana akhoza kubadwa ndi Down syndrome. Zambiri mwa zolakwika zinazo, mimba siipitirira. Pafupifupi theka la mimba zimene zimachoka m'miyezi itatu yoyambirira zimachoka chifukwa cha ma chromosome osakwanira kapena opitirira, ndipo zimenezi zimakhala zitachitika kale mayi asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati.

Kunja kuja ndaona azimayi achizungu, achimwenye, a ku Nigeria, atakhala pa benchi limodzi, nawonso akudzifunsa funso la achemwali angali. Kumeneko dokotala amakhala nawo pansi n'kuwajambulira papepala. Achemwali anga palibe anawajambulirapo.

Sindikunena kuti padera paliponse ndi ma chromosome. Malungo amachotsa mimba, chindoko chimachotsa, shuga nayenso, ngakhale mavuto a chiberekero, ndipo zambiri mwa izi zili ndi chithandizo. Ndiye Lolemba tikupitira limodzi kuchipatala kuti akawayeze. Andipemphanso kuti nkhani ya khokayi ndiwauze alamu pamaso pa apongozi, poti alamuwo ndi msodzi. Akubwera madzulo ano tikatha kudya, ndipo pepala ndi cholembera ndaika kale pa tebulo.