Musanasankhe chopangira, funsani mmene chidzathyokere

Zikomo kwambiri amayi ndi abambo, komanso achinyamata nonse amene mwafika. Pakati panu pali owotcherera, omanga nyumba ndi okonza magalimoto, choncho zimene tikambe lero mumazigwira ndi manja tsiku ndi tsiku. Nkhani yake ndi ya kusankha chopangira chinthu: chikhale cha chitsulo, cha dongo lowotcha kapena galasi, kapena cha pulasitiki ndi labala.

Anthu ambiri amafunsa kuti cholimba kwambiri n'chiti. Ine funso limenelo sindilikonda, chifukwa limasocheretsa. Funso labwino ndi ili: chinthuchi chidzakumana ndi zotani chikamagwira ntchito, ndipo tsiku lodzalephera chidzalephera bwanji? Chidzayamba chapindika n'kutichenjeza, kapena chidzangoti phwa osapereka mpata wothawa?

Tiyambe ndi dongo lowotcha ndi abale ake, monga galasi, matailosi ndi njerwa. Konkire nayenso khalidwe lake ndi lomwelo. Zimenezi mukazipanikiza zimapirira modabwitsa, sizichita dzimbiri, ndipo zambiri magetsi sadutsamo. Mbali yoyera ija ya pulagi ya injini ndi ya mtundu umenewu, yopangidwa ndi alumina amene sasungunuka mpaka kutentha kupitirire madigiri 2,000. Koma mukazikoka kapena kuzipinda, kamng'alu kosaoneka ndi maso kamathamanga mpaka kutsidya. Konkire akamakokedwa amapirira pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a zimene amapirira akamapanikizidwa.

Omanga, apa mvetserani bwino. Mtanda wa konkire wogona pa mizati iwiri, pakati pake pamwamba pamapanikizika, pansi pamakokeka, ndiye zitsulo zimafunika chapansi. Koma khonde lotulukira kunja lopanda mzati kumapeto, zinthu zimatembenuka: kukokeka kuli pamwamba. Amene waika zitsulo pansi pongotsata chizolowezi waika miyoyo ya anthu pachiswe, ngakhale simenti atathira yochuluka bwanji.

Ubwino waukulu wa chitsulo ndi wakuti chimayamba kupindika chisanathyoke. Komatu si chilichonse. Kaboni wosakanikirana m'chitsulomo akakhala wochepa chimakhala chofewa, chosavuta kupinda ndi kuwotcherera. Akachuluka kupitirira magawo 2 pa 100 timapeza chitsulo chochita kuthiridwa m'chikombole, chimene mukachimenya ndi hamala chimasweka. Ndipo ngakhale chabwino chija, nyengo imatha kuchisintha.

Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, dziko la America linapanga sitima zapamadzi zonyamula katundu zoposa 2,700 zotchedwa Liberty. Anazipanga mwachangu powotcherera m'malo molumikiza ndi maliveti. Zina zinayamba kung'aluka m'madzi ozizira a nyanja ya Atlantic, zingapo mpaka kuduka pakati. Ambiri analoza chala owotcherera. Mayi Constance Tipper a ku yunivesite ya Cambridge ndi amene anaonetsa kuti chitsulo chimenecho chikazizira kufika pamlingo wina chimasiya kupindika n'kuyamba kusweka. Ming'alu yambiri inkayambira m'makona akuthwa a zibowo zolowetsera katundu, ndipo poti thupi lonse la sitima linali lowotchereredwa kukhala limodzi, panalibe poimira mng'aluwo.

Makona akuthwa omwewo anadzavutanso mu 1954, pamene ndege ziwiri za mtundu wa Comet zinasweka zili m'mwamba, imodzi mu Januwale, ina mu Epulo. Thupi lake linali la aluminiyamu. Ndege ikakwera linkafufuma pang'ono chifukwa cha mpweya wopopera mkati, ikatsika n'kubwerera. Tengani waya, mupinde uku ndi uku mobwerezabwereza, muona kuti waduka popanda mphamvu yochuluka. Ndiko kutopa kwa chitsulo kumeneko, ndipo kumayambira pamene mphamvu zaunjikana, pakona kapena pabowo. Mawindo a ndege za masiku ano ndi ozungulira m'makona pa chifukwa chimenechi. Inunso podula chitsulo chimene chidzanjenjemera kapena kunyamula ndi kutula katundu kawirikawiri, kona muziizunguliza. Mukapeza mng'alu wayamba, kuboola kabowo kozungulira kunsonga kwake kumauchedwetsa pamene mukukonzekera kukonza zenizeni, koma si mankhwala okhalitsa ayi.

Za aluminiyamu ndinene pang'ono. Kulemera kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a chitsulo wamba, koma amawetanso katatu kuposa chitsulocho mukamusenzetsa katundu wofanana. Taonani njinga ya aluminiyamu, mapaipi ake ndi onenepa. Wopanga wake anabweza ndi kaumbidwe zimene chopangiracho chinasowa. Kusankha chopangira ndi kusankha kaumbidwe zimayendera limodzi.

Ndiye pali dzimbiri. Malata amakutidwa ndi zinki, ndipo zinkiyo ndi amene amayamba kudyeka, chitsulo n'kutsala, ngakhale pamene pakandika. Chitsulo chosachita dzimbiri, chimene Harry Brearley anapanga ku Sheffield mu 1913, chimadalira kromiyamu wosachepera magawo 10.5 pa 100. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana pachinyontho, chimodzi chimadyeka msanga. Kopa mukamulumikiza ndi aluminiyamu pamalo onyowa, aluminiyamu ndiye amatha.

Mapulasitiki ndi opepuka, sachita dzimbiri, ndipo amatchinga magetsi. Alipo amene amafewa mukawatenthetsa, monga PVC wa mapaipi, ndipo alipo amene akauma auma, monga Bakelite amene Leo Baekeland anapanga mu 1907. Chigwiriro cha poto chimafuna mtundu wachiwiriwu. Adani a mapulasitiki ndi dzuwa, limene limawaumitsa mpaka kuthetheka, ndi katundu wokhalitsa. Shelefu ya pulasitiki imene lero yanyamula bwinobwino, pakatha miyezi muipeza yaweta ngakhale simunawonjezepo kanthu.

Kuzizira nakonso kumawasintha, ndipo nkhani iyi imandikhudza mtima nthawi zonse. Pa 28 Januwale 1986 chombo cha m'mlengalenga cha Challenger chinasweka patangotha masekondi 73 chinyamukire, ndipo anthu 7 anafa. Chinalephera ndi mkombero wa labala wotseka polumikizira roketi. M'mawa umenewo kunazizira kwambiri, labalayo anauma, osathanso kufutukuka msanga kuti atseke mpata, mpweya wamoto n'kutulukira pomwepo. Mainjiniya ena anali atachenjeza usiku wake kuti labalayo sanayesedwepo pa kuzizira kotero, koma chombocho chinanyamukabe.

Ndiime kaye pamenepa. Amene ali ndi funso akweze dzanja.