Gombe la Tsitsikamma kapena mapiri ophulika a Réunion: tchuthi choyenda wapansi mukachitire kuti?

[Mafunde akuwomba matanthwe, kenako chigwa cha miyala yakuda]

Muli bwanji nonse? Tiyerekeze kuti mwapatsidwa sabata imodzi yopuma, kandalama mwasunga, ndipo mtima ukufuna kuyenda wapansi chikwama chili kumsana. Malo awiri akukukopani. Ena ndi Otter Trail, njira ya m'mphepete mwa nyanja yamchere pagombe la Tsitsikamma ku South Africa. Ena ndi chilumba cha Réunion, kum'mawa kwa Madagascar, chomwe chinabadwa ndi moto wa pansi pa nthaka.

Ambiri amasankha gombe poganiza kuti n'kosalala. Ayi ndithu.

[Mapu a Otter Trail]

Njirayi inatsegulidwa mu 1968, ndipo dzina lake linachokera kwa katumbu wa m'mitsinje ya kumeneko. Imayambira pamathiriro a mtsinje wa Storms n'kukathera ku Nature's Valley, makilomita opitirira pang'ono 40, masiku asanu. Mukamva choncho mungati n'kusewera. Koma timitsinje tambirimbiri tinang'amba gombelo, ndiye tsiku lonse ndi kutsika, kuwoloka, kukweranso. Chakudya cha masiku onsewo, mapoto ndi chofunda zili pamsana panu, chifukwa m'tinyumba togonamo mulibe wokuphikirani.

Tsono imvani za tsiku lachinayi. Ife tinazolowera nyanja ya Malawi, yomwe mukaisiya m'mawa mumaipeza pomwepo madzulo. Yamchere siitero. Imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku chifukwa cha kukoka kwa mwezi, ndipo mtsinje wa Bloukrans umawolokeka bwino pokhapokha nyanja ikaphwa. Kuchokera pomwe mwagona kukafika pamtsinjewo ndi makilomita pafupifupi 10. Ngati madzi akuphwa m'mamawa, mumadzuka usiku, tochi pamphumi, kuponda mizu yonyowa mumdima. Mukafika mumakulunga chikwama m'thumba la pulasitiki, madzi ozizira akufika m'chiuno, nthawi zina kusambira kumene. Mukachedwa musakakamize, pali njira yothawira yokwera kumtunda. Kumeneko wolamula ulendo ndi nyanja.

Mphotho yake? Phokoso la mafunde pogona, ma dolphin akudumpha kutsogolo kwa kanyumba, ndiponso anamgumi m'miyezi yozizira. SANParks, bungwe loyang'anira malo osungira zachilengedwe ku South Africa, imalola anthu 12 okha kuyamba pa tsiku, choncho malo amatha miyezi yambiri tsikulo lisanafike.

[Ndege ikutera ku Saint-Denis, likulu la Réunion]

Ku Réunion nkhani ndi kutalika. Nsonga ya Piton des Neiges ili pa mamita pafupifupi 3,070, kuposa pang'ono Sapitwa wathu wa 3,002. Amene munakwerapo Mulanje mukudziwa mmene chifuwa chimabanikira kumtundako, ndi mmene nkhungu imafikira osagogoda. Ku Réunion mitambo imakonda kukwera kuchokera kunyanja dzuwa likangotentha, n'kuphimba zonse nthawi ya nkhomaliro isanakwane. N'chifukwa chake anthu amagona pa kanyumba ka Caverne Dufour, n'kunyamuka kusanache kuti dzuwa liwatulukire ali pamwamba.

Phiri la Piton des Neiges linagona kalekale. Lomwe lili maso ndi Piton de la Fournaise, la mamita 2,632, limodzi mwa mapiri ophulikaphulika kwambiri padziko. Mumayenda pa chiphalaphala chouma, chakuthwa ngati magalasi osweka, chomwe chimadya nsapato. Palibe mtengo, palibe mthunzi, palibe madzi. Njira ndi timadontho ta penti yoyera pamiyala, ndipo nkhungu ikatsika timadonthoto ndiye moyo wanu. Phirilo likayamba kugwedezeka akuluakulu a boma amatseka chipata. Mutha kuwoloka nyanja yonseyo n'kungoliyang'ana muli pa Pas de Bellecombe, malo oonerapo phirilo pomwe pali chipatacho.

Koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi Mafate. Ndi chigwa chozunguliridwa ndi makoma a mapiri, chopanda msewu ngakhale umodzi. Mumalowa wapansi kapena pa helikopita. Oyamba kukhalamo anali akapolo othawa m'minda ya kugombe, ndipo mpaka lero muli midzi. Mumagona m'nyumba za alendo zomwe amati gîte, madzulo n'kudya mpunga, nyemba ndi rougail saucisse, soseji wophikidwa mu tomato. Ndiye chikwama chimapepuka, ngakhale mawondo amalira ndi masitepe osatha. UNESCO inaika mapiri ndi zigwa zimenezi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2010.

Musapite kumeneko mukuyembekezera kusambira paliponse. Chifukwa cha shaki, kusambira kumaloledwa m'malo otetezedwa okha. Pewaninso Januwale mpaka Malichi, nyengo ya namondwe. Nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Novembala.

[Pasipoti ndi ndalama patebulo]

Za m'thumba ndi zachidule. Réunion ndi gawo la France, ndalama ndi yuro, chilankhulo ndi Chifalansa ndi Chikiliyo (Creole), ndipo pasipoti ya Malawi imafuna viza. Kuchokera ku Johannesburg ndi ulendo wa pandege wa maola ngati anayi. Otter Trail mumalipira marandi, ndipo abale athu okhala ku Joni kapena ku Cape Town atha kufika pabasi.

Ine ndingakulangizeni chonchi. Ngati simunayendepo masiku angapo ndi katundu, koma madzi simuwaopa, yambani ndi gombe. Ngati Sapitwa munafikapo ndipo potsika mawondo sanakuvuteni, pitani ku Réunion, mupatse Mafate masiku atatu. Osankha Otter Trail, musanalipire tsegulani tebulo la nthawi yophwa nyanja, muone kuti pa tsiku lanu lachinayi madzi a Bloukrans adzatsika nthawi yanji.